Mkaka wa Soya kwa Odwala Impso

Impso zikafooka kwa nthawi yaitali zimalephera kusefa fosifolasi ndi potaziyamu, michere imene ikachuluka m'magazi imafooketsa mafupa ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Ubwino wa mkaka wa soya ndi wakuti fosifolasi wake wambiri ndi womangika mu fayiteti, chinthu cha m'mbewu chimene matumbo a munthu sachigaya mokwanira. Komabe opanga ena amathiramo fosifeti, mtundu wa fosifolasi umene thupi limayamwa pafupifupi wonse, ndipo potaziyamu wa mkaka wa soya sasiyana kwenikweni ndi wa mkaka wa ng'ombe. Choncho wodwala ayenera kuwerenga zolembedwa papaketi, kupewa mkaka wothiridwa fosifeti, ndi kumwa mlingo umene dokotala wamuikira atamuyeza magazi.