Nambala ya Matenda Ilembedwe Molungama

Khansa ya m'matumbo aakulu ndi nthenda yobisala. Kawirikawiri iyamba ngati kanjerewere m'kati mwa thumbo, ndipo papita zaka kasanasanduke cotupa coopsa. Madotolo ali ndi njira yoonera m'katimo, dzina lake colonoscopy. Alowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi nyali ndi kamera kudzera kotulukira cimbudzi, ndipo akapeza kanjerewere akadula pomwepo. Mu Lusaka nchitoyi icitika pa cipatala cacikulu ca UTH, ndipo opezeka ndi khansa athandizidwa pa Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu mzinda womwewo mu 2007.

Koma mlimi wocokera ku Katete kapena ku Petauke, amene afikira kwa mwana wace ku Kanyama, ku George kapena ku Mtendere, funso lace loyamba ndi ili: adzalipira ndani?

Boma linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi mu 2006, ndi m'dziko lonse mu 2012. Kupima kwa makina m'zipatala zazikulu ndi nkhani ina. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya umoyo, limene linabala bungwe la NHIMA. Wolembedwa nchito apereka 1 peresenti ya malipiro ace, womlemba nayenso 1 peresenti. Alimi ndi ogulitsa pamsika aloledwanso kulembetsa.

Cipatala cikathandiza membala, cilembera bungwelo kuti lilipire, ndipo pamenepa mpamene cimene calembedwa papepala cikhala ndi mphamvu. M'buku la bungwe la WHO nthenda iriyonse iri ndi nambala yace. C18 itanthauza khansa ya thumbo lalikulu, koma Z12.1 itanthauza munthu wongopimidwa m'matumbo asanaone cizindikiro. Ku America lamulo la 2010 linati wa inshuwalansi apimidwe kwaulere, komabe ambiri analipiritsidwa cifukwa dotolo atadula kanjerewere, pepala linalembedwa kuti anacita kuciritsidwa, osati kupimidwa cabe. Colakwa cotere cisaloledwe m'Zambia. Kalaliki akaphonya nambala, woliririra ndi wosauka amene wagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi.

Cotero akalaliki ndi madotolo ayenera kulemba mosamala ndi kufotokozera wodwala, m'cinenero cace, cimene alemba. Akuluakulu a zipatala apacike poyera mtengo wa kupima kulikonse.

Wodwala nayenso ali ndi mbali yace. Woona magazi m'cimbudzi, woonda popanda cifukwa, kapena wotsegula ndi kudzimbidwa mosinthana kwa masabata ambiri, apite msanga ku kiliniki ya kwao. Akamtumiza ku Lusaka, anyamule kalata yomtumizayo, citupa ndi nambala yace ya NHIMA. Wokhala m'komboni ayambire pa kiliniki ya pafupi, monga ya Kalingalinga, kapena pa zipatala za Matero, Chawama ndi Kanyama. Asanamwe mankhwala otsuka m'mimba, afunse ngati inshuwalansi idzalipira kupimako, ndipo ngwee iriyonse imene apereka aitengere risiti. Akale anati safunsa anadya phula.

Khansa yopezeka msanga iciritsika. Pepala lolembedwa molakwa lisacititse munthu kubwerera kumudzi asanapimidwe.