MADZI A MWAMBASHI NDI MANGAWA A MAKAMPANI A MIGODI

Munthu wocoka mu mzinda wa Kitwe kulowera ku Chingola amapitira pa Garneton, malo amene ena amawacha Itimpi. Si komboni ya mgodi monga Wusakile kapena Chamboli. Ndi dera la mapuloti akulu-akulu kumene anthu amaweta nkhuku ndi nkhumba, nalima repu, kabichi, matimati ndi cimanga cothirira, zimene amakagulitsa pa msika wa Chisokone m'tauni. Moyo wa kumeneko uli pa madzi, ndipo madziwo ndi a mitsinje iwiri: Kafue, ndi mwana wake Mwambashi amene amatsika kucokera ca ku Chambishi.

Pa 18 Febuluwale 2025, mvula ili pakati, cipupa ca damu losungiramo matope a mgodi cinagumuka ku Chambishi m'boma la Kalulushi. Damulo linali la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia, imene ndi nthambi ya China Nonferrous Mining, kampani ya boma la China. Malipoti oyamba anati malita okwana 50 miliyoni a madzi a asidi, osakanikirana ndi matope ndi zitsulo zaululu, analowa mu Mwambashi ndi kutsetserekera mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa mtunda wautali kunsi kwa mtsinje. Cimanga ndi nshawa za m'mbali mwa madzi zinapserera monga zawaulidwa ndi moto. A Nkana Water anatseka makina opopa madzi, kotero kuti Kitwe, mzinda wa anthu pafupi-fupi 700,000, unakhala masiku angapo mipopi ili gwa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino kumudzi, pafunika kufotokoza cimene cimakhala m'damu lotere. Kampani ya mtundu uwu simasungunula mwala ndi moto monga ng'anjo za kale za ku Nkana. Imathira asidi pa mwala wopera, asidiyo namasula mkuwa, ndipo pambuyo pake mkuwawo umakokedwa m'madzimo ndi mphamvu ya magetsi. Cotsala ndi phala lowawa limene silingatayidwe pena paliponse. Amaliunjika m'madamu omangidwa ndi dothi, ndipo cipupa ca dothico ndico cokha cimene cimaima pakati pa ululuwo ndi dimba la mlimi. Mayi aliyense wosunga mankhwala a thonje m'nyumba adziwa kuti botolo silikhala pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti pano botolo lake ndi lalikulu ngati munda wa mudzi wonse.

Boma silinakhale manja lende. Ndege za asilikali zinamwaza matani mazana-mazana a laimu mumtsinje kuti aziziritse ukali wa asidi, ndipo maboti anacita cimodzi-modzi pamadzi. Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, ananena poyera kuti ili linali tsoka loopseza anthu ndi nyama za m'mbali mwa Kafue. Mkulu wa kampaniyo, a Zhang Peiwen, anapepesa pamaso pa nduna za boma, nalonjeza kukonzanso malo oonongeka. Kupepesako kunali koyenera. Koma akulu-akulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo laimu amangoziziritsa asidi. Zitsulo zaululu zimakhazikika m'matope a pansi pa mtsinje ndi m'nthaka ya madimba, kudikira mvula ina kuti iziutse.

Apa ndi pamene mkangano unayambira. Kampani ya ku South Africa yochedwa Drizit, imene inalembedwa nchito yofufuza kukula kwa cionongeko, inanena kuti zotayikazo zinali matani 1.5 miliyoni, ndiko kuti kuposa kwambiri cimene cinalengezedwa poyamba. A Sino-Metals anathetsa pangano lao ndi kampaniyo, nakana ziwerengerozo. Mu Ogasiti 2025 ofesi ya kazembe wa dziko la America inalamula anchito ake kuti acoke m'dera la Kitwe, boma la Zambia nilinayankha kuti madzi anali atabwerera mwakale ndipo panalibe cifukwa cocitira mantha. Mlimi wa pa Garneton, amene alibe makina opimira madzi, anatsala pakati pa mau awiri, mtsuko uli m'manja.

Nkhani ya cipukuta-misozi nayonso ili ndi minga. Kampani inapereka ndalama zokwana pafupi-fupi madola 580,000 kwa alimi oposa 400, ndipo waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, mai Mutale Nalumango, anati ici cinali ciyambi cabe. Ndalamazo zikagawidwa, mlimi mmodzi sapata zambiri kuposa mtengo wa zokolola za caka cimodzi kapena ziwiri. Nanga nthaka ikakana kubala zaka zisanu? Mu Sepitembala 2025 alimi 176 anakasuma ku Khoti Lalikulu mu Lusaka, kuzenga a Sino-Metals pamodzi ndi a NFC Africa Mining, napempha kuti madola 80 biliyoni aikidwe padera okonzera malo ndi kulipira ovutika. Ciwerengero cimeneco n'cacikulu kuposa cuma conse cimene dziko la Zambia limapanga pa caka, ndipo ambiri anapukusa mitu pocimva. Komabe munthu wopsa mtima sachula mtengo wa pamsika.

Acikulire a ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi amene anagwirapo nchito ku migodi adzakumbuka nthawi ina. Mu 1969, pa msonkhano wa ku Matero, a Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo mu 1982 makampani awiri a NCCM ndi RCM anaphatikizidwa kukhala ZCCM. Masiku amenewo mgodi unali ngati kholo. Unali ndi zipatala zake, masukulu, nyumba, magetsi, madzi, mabwalo a mpira. Ngakhale babu likapsa m'nyumba, wokonza anacokera ku mgodi. Ndalama za ku Nkana ndi Mufulira zinagula makasu a ng'ombe ndi malata ambiri ku Cigawo ca Kum'mawa. Koma cilungamo cinenedwe: utsi wa senta unali kupsereza ndiwo za m'makomboni a Kankoyo ngakhale mgodi uli m'manja mwa boma, ndipo phiri lakuda la zotsala za ng'anjo ku Kitwe silinamere dzulo. Kampani ikhoza kukhala yopatsa kwa anchito ake, nikhala youma mtima kwa mtsinje.

Mtengo wa mkuwa utagwa, ZCCM inalemedwa ndi ngongole, migodi nigulitsidwa. Wa Chambishi unapita kwa a NFC Africa mu 1998, ndipo ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Konkola inatsatira mu 2000. Eni atsopano anabwera ndi ndalama ndi makina, mkuwa unacurukanso, koma ukholo uja anaukana. Mmalo mwake munabwera mphatso: cigayo apa, mjigo apo, madesiki a sukulu, mayunifomu a timu ya mpira, zonse zoperekedwa pamaso pa ojambula zithunzi. Palibe wonyoza mjigo, pakuti mudzi umene ulibe madzi umauyamika ndithu. Cobvuta n'cakuti mphatso ndi cinthu cimene kampani imasankha yokha, pa nthawi yake ndi pa muyeso wake, pamene cipupa colimba ca damu ndi mangawa. Wangongole amene amabweretsa nkhuku ya Khirisimasi caka ndi caka koma osabweza ng'ombe imene anabwereka, pa bwalo la mfumu sangapambane mlandu.

Ndipo aka sikanali koyamba kuti Kafue amwetsedwe ululu. Mu Novembala 2006 zoipa zocokera ku Konkola Copper Mines zinalowa mu mtsinje wa Mushishima ku Chingola ndi kufika mu Kafue. Anthu pafupi-fupi 2,000 anasuma, Khoti Lalikulu niliweruza mowakomera mu 2011, ndipo mu 2015 khoti lomaliza la apilo linabvomereza kuti kampani inalakwa, koma linakana ndalama zimene zinagamulidwa poyamba. Anthu ena 1,826 a m'midzi ya pafupi ndi Chingola anatengera mlandu wao ku London, kukazenga kampani ya Vedanta imene inali mwini wa KCM. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu la ku Britain linati mlanduwo ukhoza kuzengedwa kumeneko, ndipo mu Januwale 2021 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti, kampani osabvomera kulakwa. Kucokera pa 2006 kufika pa 2021 ndi zaka 15. Mwana wobadwa caka ca ululu anali atafika ku sekondale.

Malamulo alipo. Lamulo losamalira zacilengedwe la mu 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limanena kuti woononga ndiye alipire. Palinso thumba limene makampani a migodi ayenera kuikamo ndalama zodzakonzera malo mgodi ukatsekedwa. Cimene cimasowa kawiri-kawiri ndi maso ndi mano: oyendera okwanira oti afike pa damu lililonse mvula isanayambe, ndi cilango coti kampani icimve kuwawa. Ngati faindi ili yocepa kuposa mtengo womangira cipupa cabwino, wowerengera ndalama wa kampani safuna kuuzidwa cocita. Ndiponso sipayenera kuti wolakwa akhale ndiye wolemba nchito ndi kucotsa nchito munthu wopima kulakwa kwake, monga zinacitikira ndi a Drizit.

Ena, mwa ukali, amati migodi yotere itsekedwe basi. Mau amenewo ndi opepuka pakamwa pa munthu amene sadya za mgodi. Mkuwa umabweretsa pafupi-fupi magawo 70 pa 100 a ndalama zakunja za dziko lino, ndipo mlimi wa pa Garneton yemweyo amagulitsa matimati ake kwa mkazi wa munthu wa pa mgodi. Mgodi ukatseka, msika wa Chisokone umazizira, monga mmene tauni ya Luanshya inazizirira nthawi zimene mgodi wake unaima. Dziko lonse lapansi likufuna mkuwa wopangira magalimoto oyendera magetsi ndi makina otapa mphamvu ya dzuwa, zinthu zimene amati n'zoteteza cilengedwe. N'zomvetsa cisoni kuti galimoto yosatulutsa utsi mu Beijing kapena London ikhoza kuyambira pa nsomba yakufa mu Mwambashi.

Boma linaika colinga cakuti pofika 2031 Zambia azikumba matani 3 miliyoni a mkuwa pa caka, kucokera pa matani oposa pang'ono 800,000 a mu 2024. Thani iliyonse ya mkuwa imasiya matani ambiri-mbiri a matope, cifukwa mwala wa mgodi umakhala ndi mkuwa wocepa kwambiri, kawiri-kawiri magawo awiri kapena atatu pa 100, mwinanso osafika pamenepo. Mkuwa ukaonjezeka katatu, madamu nawonso adzaonjezeka, ndipo ambiri a iwo adzakhala kumtunda kwa Kafue, mtsinje wotalika makilomita oposa 1,500 umene umathirira nzimbe za ku Nakambala, kuzunguza makina a magetsi pa Kafue Gorge, ndi kumwetsa anthu pafupi-fupi 5 miliyoni, pamodzi ndi ana a Kum'mawa okhala mu Matero, Chawama ndi Kanyama mu Lusaka.