Mayi Amene Kupirira Kuli Ntchito Yake

Amayi anzanga, pa chilangizo cha ukwati anankungwi satopa ndi mau amodzi: pirirani. Sabata ino timve za mayi wina amene anasandutsa kupirira kukhala ntchito yake. Iye ndi Marina Abramović, wobadwira ku Belgrade, m'dziko limene linkatchedwa Yugoslavia, m'chaka cha 1946.

Mayiyu ndi mmisiri wa zaluso, koma saumba mbiya, sasema mtengo. Chida chake ndi thupi lake lomwe. Amachita chinthu chimodzi pamaso pa anthu kwa maola ambirimbiri, ndipo zina amazijambula pa kanema. Zina mwa zimene anachita sindingazilembe pa tsamba lino, ndipo sindiziyamikira.

Kwa zaka 12 anagwira ntchito ndi bwenzi lake Ulay, wa ku Germany. Awiriwa anapangana kuyenda pamwamba pa linga lalitali la ku China, wina kuchokera uku, wina uko, kuti akakomane pakati ndi kukwatirana. Chilolezo chinachedwa, chikondi n'kuzirala. Mu 1988 anayendabe masiku 90, ndipo atakomana anangotsazikana.

Koma chimene chimandikhudza ine ndi cha mu 1997 ku Venice. Nkhondo inali itang'amba dziko lakwawo. Marina anakhala pamwamba pa mulu wa mafupa a ng'ombe a magazi, nawatsuka limodzilimodzi, maola 6 pa tsiku kwa masiku 4, akuimba nyimbo zakwawo. Zithunzi za kanema za atate ake ndi amai ake zinali kuoneka pakhoma. Inu amene munatsukapo zam'kati mwa ng'ombe pamaliro dzuwa likuswa mtengo, fungo lake mukulidziwa. Magaziwo sanachoke, ndipo ndicho chimene ankafuna kuti anthu aone. Anampatsa mphoto yaikulu ya chionetserocho.

Tsono taonani kusiyana kwake. Iye amasankha yekha chimene apirire, amadziwa ola loyambira ndi lomalizira, ndipo anthu amabwera kudzaona. Nanga mayi wopirira m'nyumba, ndani anamuuzapo tsiku lomaliza?

Mu 2010, ku New York, anakhala pampando kwa miyezi pafupifupi itatu, maola oposa 700, osayankhula, akungoyang'ana m'maso aliyense wokhala patsogolo pake. Ambiri analira. Tsiku lotsegulira, Ulay uja anadzakhala pampandopo. Marina anatambasula manja namgwira, misozi ili mbwee. Ulay anamwalira mu 2020.