Linthipe nayenso apumeko

Ku Mbenji, mfumu yaikulu Makanjira imatseka chilumba mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo, ndipo utaka ulipobe mpaka lero. Nanga Linthipe tikumutani ife? Mpasa zikamakwera mtsinjewu kukaswana, timazitchingira pamathiriro ndi maukonde, enafe ndi masikito omwe tinalandira kuti titeteze ana ku malungo. Bango tinatentha, madimba tafika nawo m'madzi. Paja tinkadumphira posambira tili ana, lero ndi mchenga, madzi olekeza m'mawondo.

Abale, tisadikire alangizi a zausodzi. Mafumu ndi makomiti a m'madoko akhale pansi mvula isanagwe, apangane miyezi yoti ukonde usaponyedwe pamathiriro, komanso mapazi angati m'mbali mwa mtsinje pomwe khasu lisafike.