Zilonda za Pakhosi Zimene Zimakathera mu Mtima



Mwana akadzuka m'maŵa nati pakhosi pakumuŵaŵa, ambiri a ife timamphikira phala lamadzimadzi, kumfinyira ndimu m'madzi ofunda, ndi kumuuza kuti afulumire kusukulu. Pakapita masiku anayi kapena asanu mwana uja amayambanso kumeza nsima, ndipo nkhani imaiŵalika. Kaŵirikaŵiri imatheradi pomwepo. Komatu pali zilonda zina za pakhosi zimene zimapola kukhosi kokha, pamene ntchito yake yoipa ikupitirira mu mtima wa mwanayo kwa zaka zambiri. Lero ndifuna tikambirane za matenda ameneŵa, pakuti ofufuza za mankhwala apeza zinthu zimene mayi aliyense ayenera kuzimva, ndipo zambiri azipeza mu Africa mwathu muno.

Madokotala amawatcha rheumatic fever. Ife tingati nyamakazi ya ana. Chiyambi chake ndi kachirombo kotchedwa streptococcus, kamene kamafala mwa kutsokomola, kuyetsemula ndi kugona mothithikana m'chipinda chimodzi. Kachiromboka kakaloŵa pakhosi, asilikali a m'thupi amadzuka kukamenyana nako, monga mwa ntchito yawo. Tsoka lake nlakuti khungu la kachiromboka limafanana ndi minofu ina ya munthu mwini. Motero mwa ana ena asilikali aja, atatha kugonjetsa mdani, amasokonezeka nayamba kukantha eni mudzi: mfundo za mafupa, ubongo, ndiponso mtima. Ali ngati galu wolondera amene wathamangitsa mbala usiku, koma pobwerako nkuluma mbuye wake pakhomo. Matenda otere, oti thupi limadziukira lokha, alipo amitundumitundu, ndipo ina mwa nyamakazi za akuluakulu ili m'gulu lomweli. Koma iyi ya ana ili ndi mwaŵi umodzi waukulu: chiyambi chake chimadziŵika, ndipo chingathe kutsekedwa.

Nyamakaziyi imakonda ana a zaka 5 kufikira 15, ndipo imaoneka patapita masabata 2 kapena 3 kuchokera pamene pakhosi panaŵaŵa. Mwana amatentha thupi. Bondo limatupa, limatentha, ndipo salola kuti mulikhudze. Maŵa lake bondo lapepuka, koma ululu wasamukira ku kakolo, mkucha uli pa chigongono kapena pa mfundo ya dzanja. Kuyendayenda kwa ululu kumeneku ndicho chizindikiro chachikulu. Ana ena amadandaula chifuŵa, amapuma befubefu, mtima uli thithithi ngakhale atakhala pansi. Ena, makamaka atsikana, patapita miyezi amayamba kugwedeza manja ndi nkhope mosafuna, kugwetsa makapu, ndipo malembedwe awo m'kope amaipa mwadzidzidzi.

Pamenepa mpamene timasokera. Thupi likatentha timati ndi malungo, ngakhale magazi a pa chala atakana. Bondo likatupa timati wagwa pa mpira, kapena agogo ake amtemere mphini. Mtsikana akayamba kugwetsa mbale timamkalipira kuti ngwaphuma, ena nkumanong'onezana kuti walodzedwa. Ndipo popeza mfundo zija zimachira zokha pakapita masabata oŵerengeka, aliyense amayamikira mankhwala amene anagwiritsa ntchito. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Mfundo zachira, koma mtima wavulala.

Mu mtima muli zitseko zinayi zimene zimatseguka ndi kutseka kuti magazi aziyenda njira imodzi osabwerera. Nyamakazi ikatupitsa zitsekozi, zimapola ndi zipsera. Mwana akadwalanso pakhosi, asilikali aja amabwereranso pamalo pomwepo, zipsera nkuwonjezeka. Pamapeto pake chitseko chimauma, chimakana kutseguka mokwanira kapena kutseka bwino. Izi zimachitika mwakachetechete, zaka 10 kapena 20, munthu akulima ndi kutunga madzi ngati wina aliyense. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matenda a mtima ameneŵa amapha anthu opitirira 300,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo m'maiko osauka.

Nkhaniyi ikutikhudza ife amayi koposa. Pakati pa 2010 ndi 2012, madokotala motsogozedwa ndi malemu Pulofesa Bongani Mayosi wa ku Cape Town analemba m'kaundula odwala 3,343 a matendaŵa m'zipatala za maiko 14. Kafukufukuyu anatchedwa REMEDY, ndipo Malaŵi, Zambia ndi Mozambique anali m'gulumo. Anapeza kuti pa odwala atatu alionse, aŵiri anali akazi, ndipo theka la onsewo linali lisanapitirire zaka 28. Patapita zaka 2 zokha, pafupifupi 17 mwa odwala 100 alionse anali atamwalira. Ameneŵa si nkhalamba ayi. Ndi atengwa athu, ana athu ongoloŵa kumene m'banja.

Mkazi akaima, magazi a m'thupi mwake amawonjezeka ndi pafupifupi theka, kuti adyetse mwana ali m'mimba. Mtima wabwino umasenza katunduyu osadandaula, koma wa zitseko zouma umalephera. Nchifukwa chake akazi ambiri amayamba kudziŵa za matendaŵa ali ndi pakati poyamba. Amabanika akangoyenda pang'ono, sagona chagada koma chotsamira, amatsokomola usiku, miyendo imatupa kwambiri. Kaŵirikaŵiri apongozi amati, "Ndi mmene pakati pamakhalira, ifenso tinadutsa momwemo," kapena kuti mtengwayo ndi waulesi. Amayi anzanga, mkazi wodwala mtima amavutika kaŵiri: thupi likumkana, ndipo a pakhomo sakumkhulupirira chifukwa alibe bala looneka. M'kafukufuku yemwe uja, mwa akazi a msinkhu wobereka, osakwana 4 mwa 100 ndiwo anali kulera, chonsecho pakati pakanatha kutenga moyo wa ambiri a iwo.

Tsono ofufuza anadzifunsa kuti, kodi sitingawapeze matendaŵa mwana asanayambe kudwala? Anatenga makina ounikira mtima, onga aja amaunikira mwana ali m'mimba, napita nawo m'masukulu. Mu 2007 zinamveka zotsatira za ku Mozambique: pomvetsera ndi kachipangizo ka m'makutu kaja, madokotala anapeza ana 2 mwa 1,000, koma pounika ndi makina anapeza 30 mwa 1,000. Ku Lilongwe nakonso anaunika ana 1,450, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti oposa 3 mwa 100 anali ndi zizindikiro zoyamba m'zitseko za mtima, eni ake osadziŵa kanthu. Ndiye kuti m'kalasi lodzaza la pulayimale mungathe kukhala ana atatu otere, akuseŵera fulaye ndi anzawo.

Funso linatsala linali lakuti, mwana wotereyu akapezeka, tingamthandize? Yankho linachokera ku Gulu, kumpoto kwa Uganda. Kumeneko Dokotala Andrea Beaton wa ku America ndi Dokotala Emmy Okello wa ku Uganda, pamodzi ndi anzawo, anaunika ana a sukulu opitirira 100,000 m'kafukufuku wotchedwa GOAL. Ana a zaka 5 mpaka 17 amene anapezeka ndi chiyambi cha matendaŵa anagaŵidwa paŵiri mwa maere, makolo awo atavomereza. Gulu lina linkabayidwa jekeseni wa penisilini masabata 4 alionse kwa zaka 2, gulu lina ayi, pakuti panthaŵiyo panalibe amene anali kudziŵa ngati jekeseniyo angathandize mwana amene sanayambe kudwala. Zotsatira zinalengezedwa mu 2021. Mwa ana 400 amene sanabayidwe, 33 matenda awo anakula. Mwa ana 399 amene anabayidwa, anali 3 okha. M'magulu onse aŵiri, pafupifupi theka la ana mitima yawo inaoneka bwinopo pomaliza, kusonyeza kuti si mwana aliyense amene matenda ake amapitirira. Koma popeza palibe angaloze kuti uyu ndiye adzapulumuke, jekeseniyo ndiye mpanda.

Penisilini sachiritsa chipsera chimene chilipo kale. Ntchito yake ndi kutsekereza kachirombo kaja kuti kasaloŵenso pakhosi ndi kudzutsa asilikali osokonezeka aja. Nchifukwa chake mwana amene wadwalapo nyamakaziyi amayenera kubayidwa mwezi ndi mwezi, kaŵirikaŵiri kwa zaka 10 kapena kufikira atakwanitsa zaka 21, ndipo ngati mtima unavulala kwambiri, kupitirira pamenepo. Tinene zoona, jekeseni ameneyu ngwoŵaŵa. Mankhwala ake ndi olemera, amaloŵa pang'onopang'ono, ndipo thako limatha kuŵaŵa masiku aŵiri. Onjezanipo mtunda wopita kuchipatala, ndalama ya basi, nyengo ya dzinja mitsinje itadzaza, ndi tsiku limene mungafike nkupeza mankhwala atha. Koposa zonse, nkovuta kumuuza mwana wooneka wathanzi kuti apite kukabayidwa. Mu kafukufuku wa REMEDY, pafupifupi theka la odwala silinali kulandira chitetezo chimenechi.

Koma ku Gulu ana analandira pafupifupi majekeseni onse amene anayenera kulandira. Chinsinsi chake chinali anthu. Anawo anaikidwa m'timagulu, ankabwera tsiku limodzi, kuseŵera pamodzi ndi kulimbikitsana, ndipo panali munthu wodziŵa mwana aliyense ndi kwawo, wokamlondola akapanda kufika. Ndikaŵerenga zimenezi ndimaona ntchito imene magulu athu a amayi amaidziŵa kale. Timadziŵa kulemba maina, kusonkha ndalama za chipereganyu, ndi kuyendera mnzathu amene wasoŵa pa msonkhano. Mutu umodzi susenza denga. Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wa jekeseni wa mwezi ndi mwezi, tsiku lake lilembedwe m'buku la gulu, ndipo mayi wake akatanganidwa wina amperekeze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa iwo amene mtima unavulala kale ndipo akumwa warfarin, mankhwala osungunula magazi, ndili ndi mawu aŵiri. Ambiri amatopa ndi kuyezetsa magazi kaŵirikaŵiri, nalakalaka mapiritsi atsopano osafuna kuyezetsa. Kafukufuku wa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 m'maiko 24, anayerekeza warfarin ndi mankhwala atsopano otchedwa rivaroxaban mwa anthu a matendaŵa amene mtima wawo umagunda mosalongosoka. Mu 2022 zinadziŵika kuti imfa zinali zochepa mwa omwa warfarin. Choncho musasinthe nokha. Chachiŵiri, warfarin angavulaze mwana wosabadwa. Mkazi amene akumwa akambirane ndi dokotala asanaime, ndipo abambo akunyumba akhalepo pa kukambiranako, kuti nkhani ya kulera isadzaoneke ngati mkazi akukana banja.

Nanga ife tichitenji pakhomo? Choyamba, tisiyanitse zilonda za pakhosi. Zobwera ndi chimfine, mamina ndi chifuŵa kaŵirikaŵiri zimatha zokha. Zoopsa ndi zija zobwera mwadzidzidzi, thupi litatentha, kumeza kukuŵaŵa, mwanabere atatupa m'khosi, mkati muli mofiira kapena muli timafinya toyera, koma mwana osatsokomola. Wotereyu apite kuchipatala. Mankhwala ake ndi jekeseni mmodzi wa penisilini, kapena mapiritsi a masiku 10. Akapatsidwa mapiritsi amalize onse, ngakhale pakhosi patapola tsiku lachitatu. Musasungire mng'ono wake otsalawo, ndiponso musadalire aŵiri atatu ogula pa okala.

Chachiŵiri, mwana wotentha thupi amene ululu ukuyendayenda m'mfundo, kapena amene wayamba kugwedezeka mosafuna, apimidwe mtima. Muwauze adokotala ngati pakhosi panamuŵaŵa masabata apitawo, pakuti mwina sakufunsani. Chachitatu, zilonda za pakhungu ndi mphere zisalekereredwe, chifukwa kachirombo komweko kamakhalanso mmenemo. Chachinayi, pa tsiku la jekeseni mwana adye ndi kumwa asananyamuke, mufunse ngati pali mankhwala ochititsa dzanzi osakaniza kuti ululu uchepe, ndipo mukhale kaye pachipatalapo kanthaŵi akabayidwa, pakuti alipo oŵerengeka amene thupi lawo limadana ndi penisilini. Chachisanu, mtsikana amene anadwalapo nyamakaziyi asunge buku lake la kuchipatala kufikira ku banja, ndipo akaima akanene zimenezi tsiku loyamba la sikelo. Anamkungwi ndi ankhoswe, nkhani iyi iloŵe m'malangizo anu.

Opaleshoni yokonza kapena kusintha chitseko cha mtima ilipo, koma ndi yodula, ndipo m'maiko athu ano ndi oŵerengeka okha amene amaipeza. Penisilini ndi mankhwala akale, otsika mtengo, opezeka ngakhale pa chipatala chaching'ono. M'mera mpoyamba, amayi anzanga. Pa msonkhano wanu wa sabata ino, funsanani kuti ndi ana angati m'mudzimo amene anatupapo mawondo popanda kugwa, ndipo maina amene atuluke mukawapereke kwa alangizi a zaumoyo.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamaŵa.