Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Nyumba za makolo zinali ndi chitseko cha bango kapena cha mapesi, chotsekedwa ndi mpiringidzo. Usiku ukafika pakati, kunja afisi akulira, panalibe wofuna kuchikhudza chitsekocho. Koma munthu amene m'mimba mwamupotokola sankadikira kuti wina amutsekulire. Ankadzuka yekha, n'kuchotsa mpiringidzo, n'kutuluka. Apa ndi pamene panachokera mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kutanthauza kuti mwini vuto ndiye woyamba kuchitapo kanthu, ndipo ndiye woyenera kumvedwa. Mwambi umenewu uyenera kukumbukiridwa masiku ano pamene banja lauzidwa kuti m'bale wawo afunika opaleshoni yosintha valavu ya mtima, pakuti pa bwalo lotere aliyense amayankhula, kupatula wodwala mwini wakeyo.

Mtima nawonso uli ndi zitseko. Uli ndi zipinda zinayi, ndipo magazi amadutsa pa mavalavu anayi amene madokotala amawatchula kuti mitral, aortic, tricuspid ndi pulmonary. Ntchito yawo ndi kutsekuka kuti magazi adutse, ndi kutsekeka kuti asabwerere m'mbuyo. Izi zimachitika pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Valavu ikawonongeka, imauma n'kumalephera kutsekuka mokwanira, kapena imalephera kutsekeka, magazi n'kumabwerera kumene achokera. Mtima umagwira ntchito ya anthu awiri kufikira utatopa. Munthu amayamba kupuma mwawefuwefu akangokwera kamtunda, miyendo imatupa, ndipo usiku sagona tulo popanda kutsamiritsa mutu pamwamba.

Ku Ulaya, mavalavu ambiri amawonongeka chifukwa cha ukalamba. M'maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara, ambiri mwa odwalawo ndi achinyamata, ndipo gwero lake ndi zilonda zapakhosi za paubwana zimene sizinachiritsidwe ndi penisilini. Thupi likamalimbana ndi tizilombo ta zilondazo, nthawi zina limalakwitsa n'kuyamba kuwononga mavalavu ake omwe, makamaka ya mitral, ndipo kuwonongekako kumadzaonekera patapita zaka. Matendawa amapha anthu oposa 300,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo mu 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization unagwirizana kuti maiko alimbane nawo mwapadera.

Opaleshoni yake si yachilendo monga ambiri amaganizira. Mu 1953, dokotala John Gibbon wa ku Philadelphia anagwiritsa ntchito bwinobwino makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo pamene mtima ukukonzedwa. Mu 1960, dokotala Albert Starr, pogwirizana ndi injiniya Lowell Edwards, anaika valavu yopanga mwa wodwala ku Portland, m'dziko la America, ndipo wodwalayo anakhala ndi moyo zaka zina pambuyo pake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Alain Carpentier wa ku Paris anapeza njira yokonzera valavu ya nkhumba kuti ikhalitse m'thupi la munthu. Mu 2002, Alain Cribier wa ku Rouen anaika valavu ya aortic podzera mu mtsempha, osang'amba chifuwa. Ntchitoyi tsono yachitika kwa zaka zoposa 60, ngakhale kuti Amalawi ambiri oifuna akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India.

Uthenga wa opaleshoni ukafika pamudzi, mwambo umagwira ntchito yake yabwino. Mwinimbumba amaitanitsa abale. Ankhoswe amadziwitsidwa. Mwana wa ku Johannesburg amatumiza ndalama, wa ku Lilongwe amathamangira mapepala a ulendo, ndipo amasankhidwa gadiyani woperekeza wodwala. Zonsezi n'zoyamikirika, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Koma pa bwalo lomwelo pamamveka mawu ena, onenedwa motsitsa: “Musamuuze zambiri, angataye mtima.” Wodwala amakhala m'nyumba, akumva kung'ung'udza kwa pakhonde, ndipo akafunsa amayankhidwa kuti, “Musadandaule, akulu akukonza.” Chifundo chotere chimamulanda chinthu chimene wina aliyense sangamuchitire, ndicho kusankha moyo umene adzakhale nawo akadzatuluka m'chipatala.

Nkhani yake ili motere. Ngati valavu singathe kukonzedwa ndipo ifunika kusinthidwa, pali mitundu iwiri. Woyamba ndi umene anthu amati wachitsulo, ngakhale kuti masiku ano umapangidwa ndi kaboni wolimba kwambiri. Valavu imeneyi simatha msanga, ndipo kawirikawiri imakhala moyo wonse wa munthu. Vuto lake n'lakuti magazi amakonda kuundana pa iyo, choncho mwini wake ayenera kumwa mankhwala otchedwa warfarin tsiku lililonse mpaka imfa, ndi kumayezetsa magazi pafupipafupi, mwina mwezi ndi mwezi, pa muyezo wotchedwa INR. Mankhwalawa akachepa, magazi amaundana n'kutseka valavu kapena kuyambitsa matenda ofa ziwalo. Akachuluka, munthu amataya magazi ngakhale pa kabala kakang'ono. Mtundu wachiwiri ndi wopangidwa kuchokera ku mtima wa nkhumba kapena ku chikopa chokuta mtima wa ng'ombe. Umenewu kawirikawiri sufuna warfarin wa moyo wonse, koma umatha pakapita zaka 10 mpaka 20, ndipo mwa achinyamata umatha msanga kuposa pamenepo. Ukatha, munthu abwererenso pa tebulo la opaleshoni. Walira mvula walira matope. Palibe valavu yopanda matope ake.

Tsono ndani woyenera kusankha matope amene adzapondedwe? Mwachitsanzo, pangakhale mayi wa zaka 24 amene wangokwatiwa kumene ndipo akulakalaka mwana. Warfarin amatha kuvulaza mwana wosabadwa, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo mimba ya mayi wa valavu yachitsulo imafuna kuyang'aniridwa ndi akatswiri kuyambira isanayambe n'komwe. Amalume ake, powerengera ndalama, anganene kuti asankhe yachitsulo kuti banja lisadzasonkhenso. Apongozi ake, poganizira adzukulu, anganene kuti asankhe yanyama. Onse awiri ali ndi mfundo, koma palibe mwa iwo amene adzameze piritsi lililonse kapena kugonanso pa tebulo lija. Pangakhalenso bambo wa zaka 40 wokhala kumudzi kumene chipatala choyeza INR chili pa ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza. Dokotala wa ku India sadziwa za mtsinjewo. Akapanda kuuzidwa ndi mwini wake, adzapereka uphungu woyenera munthu wokhala pafupi ndi labotale. Palinso ena amene chikhulupiriro chawo chimawapatsa mafunso pa nkhani ya nkhumba kapena ya kulandira magazi. Zoterezi zimanenedwa tsiku la opaleshoni lisanafike, ndipo wozinena ndi mwini chikumbumtima.

Ena anganene kuti kumuuza wodwala zonse ndi nkhanza, ndipo kuti mantha okha amatha kufooketsa munthu. M'mawu amenewa muli choonadi. Opaleshoni ya mtima ndi yaikulu, ndipo alipo ena amene sadzuka. Komabe wodwala si mwana. Amene wakhala zaka ziwiri akulephera kukwera kamtunda ka kuchigayo amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, ndipo mantha a chinthu chobisidwa amaposa mantha a chinthu chofotokozedwa. Munthu amene wauzidwiratu kuti adzadzuka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ali ndi paipi pakhosi yomulepheretsa kuyankhula kwa maola angapo, ndiponso timapaipi totulutsa madzi pachifuwa, sadzaganiza kuti opaleshoni yalephereka akadzaziona. Amene wauzidwa kuti valavu yachitsulo imamveka kugunda ngati wotchi usiku kukakhala zii, sadzathamangira kwa sing'anga kukafunsa amene wamuika chinthu m'chifuwa. Enanso anganene kuti mwambo umafuna kuti akulu ndiwo agamule. Koma mwambo womwewo ndi umene unasiya mwambi wa chitseko uja. Makolo sankagamula mlandu mwini wake asanayankhule, ndipo ngakhale kuchipatala, dzina lofunika pa pepala lovomereza opaleshoni ndi la wodwalayo ngati ali wamkulu ndi wozindikira.

Pali ntchito zina zokonzekera zimene wodwala wosauzidwa sangazigwire. Yoyamba ndi ya mano. Dzino lobooka ndi nkhama zotupa zimasunga tizilombo timene timalowa m'magazi n'kukamera pa valavu yatsopano, ndipo matenda ake ndi oopsa kwambiri. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuti mano aonedwe ndi kukonzedwa opaleshoni isanachitike. Yachiwiri ndi kusiya fodya milungu ingapo tsikulo lisanafike, kuti mapapo ndi bala zidzachire bwino. Yachitatu ndi kuulula mankhwala onse amene munthu akumwa: a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ma ARV, a chifuwa chachikulu, ogula pagolosale, ngakhalenso mizu ndi makungwa a kwa asing'anga. Ena mwa amenewa amasokoneza mphamvu ya warfarin, ena amachititsa kuti magazi asaleke kutuluka. Apa manyazi alibe malo, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo pali zinthu zina zimene munthu sangaulule pamaso pa apongozi kapena ana ake, kotero abale anzeru amatuluka panja kwa kanthawi, n'kumusiya yekha ndi dokotala.

Yachinayi ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Kodi valavuyi ingakonzedwe popanda kuichotsa? Ngati ayi, mtundu uti ndi woyenera zaka zake ndi dera lake? INR yake iyenera kukhala pa mlingo wanji, ndipo akabwerera kumudzi adzayezetsa kuti? Jakisoni wa penisilini amene odwala matenda a zilonda zapakhosi aja amabayidwa pakatha milungu itatu kapena inayi adzapitirira mpaka liti? Pajatu opaleshoni imasintha valavu imodzi, koma sichotsa nthenda imene ingawononge otsalawo. Mafunsowa alembedwe pa pepala usiku, ndipo mdzukulu wodziwa Chingerezi athandize kumasulira mayankho onse, osasankhamo okoma okha.

Kodi ndiye kuti banja lilibe gawo? Lili nalo, ndipo ndi lalikulu kuposa kusonkha ndalama za ndege. Pa opaleshoni yotsekula chifuwa, fupa la pachifuwa limadulidwa n'kumangidwanso ndi mawaya, ndipo limafuna milungu 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Wodwala amatuluka m'chipatala pakatha sabata imodzi kapena kupitirirapo, koma kwa miyezi iwiri kapena itatu sagwira khasu, sasenza ndowa, sakweza musi, sapalasa njinga, ndipo sabereka mwana kumbuyo. Bwalo la banja lidziwiretu amene adzalime munda wake chaka chimenecho ndi amene adzatunge madzi. Wophika adziwe kuti masamba obiriwira monga mpiru, nkhwani, bonongwe ndi chisoso ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Saletsedwa, koma adyedwe pa mlingo wofanana sabata ndi sabata, osati mbale yodzaza m'dzinja kenako n'kusoweratu m'chilimwe popanda kuyezetsa magazi. Asipulini ndi bufeni zisaperekedwe mwachisawawa kwa womwa warfarin. Ndalama ya ulendo wokayezetsa magazi iikidwe padera mwezi uliwonse. Mapepala onse ochokera kwa madokotala asungidwe pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, pamalo pamene chiswe ndi mvula sizifika. Munthu wotere akatentha thupi kwa masiku angapo, asangopatsidwa mankhwala a malungo n'kusiyidwa. Apite naye kuchipatala, ndipo adokotala auzidwe za valavuyo.

Zimenezi ndizo ntchito za abale, ndipo zimatenga zaka. Opaleshoni imatha m'maola ochepa chabe, koma chibale chimadzayesedwa chaka chachitatu, pamene nkhani yaiwalika, odzazonda aleka kubwera, ndipo mapiritsi atha pakati pa mwezi.

Mdzukulu amene adzakhale mwinimbumba mawa asunge dongosolo ili. Akadzaitanitsa bwalo, mphasa ya wodwala iyalidwe pakati pa anthu. Zimene adokotala anena zifotokozedwe zonse, mwaulemu ndi modekha. Kenako, amalume ndi ankhoswe asanatsekule pakamwa, iye atembenukire kwa wodwalayo, aombe m'manja, ndipo afunse kuti, “Mayi, mwamva zonse. Inuyo mtima wanu ukuti bwanji?”