Kodi Baibulo latiperewera pati?

Mwezi wathawu ndidapita ku Ndirande kukazonda azakhali anga. Ndidawapeza ali gone pamkeka, miyendo itatupa, mankhwala a BP atawasiya milungu itatu. Pawindo padali kabotolo ka madzi kamene adagula kwa "mneneri" wina. Nanga Baibulo lawo? Lidali pansi pa wailesi, fumbi lokhalokha. Nditafunsa, adati: "Mwananga, Baibulotu ndi mawu akale, koma munthu wa Mulunguyu amamva za lero."

Abale anzanga, apa ndiye pagona nkhani. Akhristu ambiri m'matauni mwathumu tayamba kuona Malemba ngati nsima yopanda ndiwo. Mpaka tithirepo mafuta odzozedwa, madzi am'botolo, sitika ya pagalimoto ndi ulosi wa nambala yafoni. Zonsezi n'zogula, ndipo mtengo wake ngwosanenerera.

Ine ndikuti ayi. Pa 2 Timoteo 3:16-17 Paulo akuphunzitsa kuti Malemba ndi okwanira kumukonzekeretsa munthu wa Mulungu pa ntchito iliyonse yabwino. Kabotolo sakukatchula. Pa Machitidwe 8, Simoni wamatsenga atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro adamudzudzula poyera. Pa 2 Mafumu 5, Elisa adakana mphatso za Namani, ndipo Gehazi amene adazithamangira adatuluka ndi khate. Ndiye malonda a kuguwawa tawatenga kuti?

Sitinganamizire chiyankhulo. Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, William Murray ndi anzake, kuphatikizapo makolo athu, atalikhetsera thukuta zaka zambirimbiri. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera lidabwera mu 1998. Mabuku alipo, koma ife kuwerenga ndiye toto. Tikufuna wina atitafunire, ife tizingomeza.

Wina anena kuti, "Kodi Mulungu sangayankhule lero?" Sindikumutseka pakamwa Mulungu ine. Koma anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17, ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zonena za Paulo zidali zoona, ndipo adatamandidwa. Ngati mtumwi weniweni adayesedwa, mneneri wa patawuni pano ndani kuti asafunsidwe? Paja safunsa adadya phula.

Ndipo phulalo anthu adadyadi. Ku South Africa mu 2016, m'busa Lethebo Rabalago ankapopera nkhosa zake mankhwala ophera tizilombo a Doom kumaso, ati machiritso, mpaka khoti lidamupeza wolakwa mu 2018. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuyambira mu 2023, apolisi adafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene adauzidwa kusala kudya kuti akaonane ndi Yesu. Umo ndi momwe zimathera munthu akakwera pamwamba pa Buku.

Musandimve molakwa. Kukwanira kwa Malemba sikutanthauza kuti Baibulo ndi chipatala kapena sukulu ya zaulimi. Luka adali dokotala, ndipo Paulo yemweyo adamulangiza Timoteo za vuto lake lam'mimba. Baibulo limatiuza za Mulungu, za chipulumutso ndi za kakhalidwe: kugwira ntchito, kubweza ngongole, kukana ziphuphu, kusamala amasiye. Mwina n'chifukwa chake timalithawa. Kabotolo sikamufunsa munthu kumene adagona dzulo.

Azakhali aja ayambiranso kumwa mankhwala, ndipo madzulo mdzukulu wawo amawawerengera Masalimo. Ndalama ya kabotolo ija sidabwerere ayi. Nanga inu, Baibulo lanu lili pati?